Zitsulo zimafuna wodekha

Ana anga, inu amene mwathira simenti m'zitini n'kuzilumikiza ndi paipi kuseri kwa nyumba, mwachita bwino. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mukufuna chifuwa chitambasuke mwezi uno usanathe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nzeru imene onyamula zitsulo ambiri amatsata lero inakhwimira m'chipatala. M'chaka cha 1945, dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, ankathandiza ovulala pankhondo powanyamulitsa zolemera, ndipo mwendo ukazolowera ankawonjezera kulemerako. Mnofu umakula ukamapatsidwa ntchito yoposa ya kale. Ngati sabata yatha munakweza chitsulo kasanu ndi katatu, sabata ino yesani kakhumi. Zikapepuka, wonjezerani kakilogalamu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ambiri mumapikisana pa kulemera, mpaka msana kupindika, anzanu akukuwa kuti "kwezani, akulu!" Komatu Brad Schoenfeld ndi anzake atasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2017 anapeza kuti chitsulo chopepukirapo chimakulitsa minofu mofanana ndi cholemera, bola muchikweze mpaka mutatsala pang'ono kulephera. Cholemera chimapambana pa kuwonjezera mphamvu zokwezera katundu wamkulu. Ndiye amene zitini zake n'zazing'ono asadandaule. Schoenfeld yemweyo anaonanso kuti maseti khumi kapena kuposerapo pa sabata, pa gulu lililonse la minofu, amapindulitsa kuposa ochepa. Muwagawe masiku awiri kapena atatu. Ndipo miyendo ndi yanunso, musaiiwale. Ndatopa kuona anyamata a mapewa otakata akuyenda pa timiyendo ta adokowe.

Za chakudya. Ofufuza a ku yunivesite ya McMaster ku Canada anapeza mu 2018 kuti mapuloteni okwana magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku amakwanira, ndipo kupyola pamenepo phindu silioneka kwenikweni. Munthu wa makilogalamu 70 ndiye kuti akufunika magalamu 112. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, choncho mazira okha satha ntchitoyi. Onjezani usipa, soya, nyemba, mtedza ndi mkaka. Ufa wa mapuloteni wa m'zigubu uja, wodula ngati mankhwala, si woipa ayi, koma ulibe matsenga amene usipa ulibe. Mukadya mugone mokwanira, chifukwa thupi limakonza minofu munthu akamapuma.

Akakunong'onezani za jakisoni wa masiteroyidi, kumbukirani chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mikono imatupa msanga ndithu, koma mtima umavulala, mphamvu yobereka imachepa, ndipo amuna ena amamera mabere. Safunsa anadya phula: musanabaye chilichonse, kaonaneni ndi adokotala.

Tsono inu anzanga a imvi, musanamizire kuti tsabola wakale sawawa. Mu 1990, Maria Fiatarone ku Boston anaphunzitsa okalamba khumi a zaka za pakati pa 86 ndi 96 kukweza zolemera ndi miyendo. Patatha masabata asanu ndi atatu, mphamvu zawo zinaposa kawiri zimene anayamba nazo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza wamkulu aliyense kulimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, amayi ndi abambo omwe. Yambani ndi kudzuka pampando osagwira pena paliponse, kakhumi. A matenda a mtima kapena BP ayambe adutsa kuchipatala.