Woyang'anira ana amasiye ayambe waphunzira

Zovuta zikagwa pakhomo, makolo onse awiri n'kutsikira kulichete, funso lomwe limatsala anthu akabalalika pasiwa ndi lakuti ana akhala ndi yani, nanga nyumba ya lendi, chigayo kapena golosale yomwe malemu asiya aziyendetsa ndani.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mchaka cha 2010 limalola khoti kusankha munthu woti ayang'anire mwana wotere. Nalo lamulo la chuma cha masiye la mchaka cha 2011 lidanenetsa kuti kulanda chuma cha amayi ndi ana amasiye ndi mlandu. Malamulo awiriwa ndi abwino, koma ife tikuona kuti munthu amene khoti lamupatsa udindowu ayenera kuphunzitsidwa ntchito yake asadagwire ngakhale tambala ya ana.

Tikutero chifukwa si onse amene amaononga chuma cha ana amasiye omwe ndi akuba. Ambiri ndi amalume, azakhali ndi agogo amtima wabwino, kungoti palibe adawauza malire a udindo wawo. Ndalama ya lendi ikabwera amaiphatikiza ndi yawo. Feteleza akavuta amatapa pomwepo, amvekere tibweza tikakolola. Kukagwa maliro ena pamudzi amatapanso. Palibe kope, palibe lisiti. Tsiku lomwe mwana wasankhidwa kupita kusekondale, fizi palibe, chigayo chidafa kalekale, ndipo abale ayamba kulozana zala mpaka kutchulana ufiti. Wolira kwambiri amakhala mwana uja, yemwe sadali nawo pomwe zinthu zinkagawidwa.

Maiko ena adaliona vutoli. Ku Florida, m'dziko la America, wachibale amene khoti lamusankha kuyang'anira munthu wosatha kudziyimira payekha amayenera kuchita maphunziro a maola 8 pasadathe miyezi 4. Amamuphunzitsa udindo wake, ufulu wa amene akumuyang'anirayo komanso kalembedwe ka malipoti a ndalama opita kukhoti.

Ena anena kuti kulera mwana wa mlongo wako sikulira sukulu, makolo athu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Nzoona, ndipo mwambo umenewu ndi umene wapulumutsa ana ambiri omwe Edzi idawalanda makolo. Koma kulera mwana n'kwina, kumusungira chuma n'kwinanso. Mwinimbumba wakale sankasunga buku la kubanki kapena mapepala a poloti.

Pempho lathu kuboma ndi kumakhoti ndi lakuti pakhale maphunziro a tsiku limodzi, aulere, m'chiyankhulo chomwe munthuyo amamva, ndipo azichititsa ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu paboma lililonse. Woyang'anirayo auzidwe poyera kuti chumacho si chake, ndalama za ana zikhale ku akaunti yapadera, chilichonse chotuluka chilembedwe, nyumba kapena munda asagulitse mwa iye yekha, ndipo mwini wake akakwanitsa zaka 18 adzafuna kuona momwe zidayendera.

Chenjezo lathu ndi limodzi: maphunzirowa asasanduke mayeso othamangitsa agogo osadziwa kulemba, poti nthawi zambiri ndi iwowo amene amatsala ndi ana. Gogo wotere aloledwe kubwera ndi wachibale wina, kapena wa kumpingo amene amamukhulupirira, woti azimulembera m'kope ndi kumusungira malisiti.