Galimoto 'yatsopano' nayo ikayezedwe

Mwezi wathawu mnansi wanga kuno ku Kaliyeka adatulukira ndi Toyota Sienta yonyezimira, mipando yake ili m'mapepala apulasitiki. Ana adaithamangira, amayi akuimba nthungululu, ife abambo tikuizungulira uku tikugogoda matayala ngati tikudziwapo kanthu. Chimwemwe chidazilala pomwe wina adamukumbutsa kuti asanayambe kunyamula anthu, akayezetse galimotoyo kuti apeze chiphaso cha COF. Mkuluyo adakwiya. "Galimoto yatsopano ngati iyi akaiyeze chiyani? Kungofuna kutidyera ndalama basi," adatero.

Maganizo amenewa ali ndi anthu ambiri. Ena amafika ponena kuti boma lingochita zomwe amachita maiko a azungu, komwe galimoto yatsopano imakhala zaka zingapo isanayezedwe. Ine ndikuti ayi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

N'zoona kuti ku England galimoto yongotuluka kumene m'fakitale siyezedwa mpaka itakwanitsa zaka zitatu, kenaka imayezedwa chaka ndi chaka. Ku Japan nako imayamba kuyezedwa pakatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse. Koma chifundo chimenechi n'cha galimoto yomwe sidayendepo, yomwe kampani yoipanga ikadali kuiyang'anira. Nanga mwa galimoto zomwe timazitcha zatsopano ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo ndi ku Area 23, ndi zingati zotere? Kupatula za boma, makampani ndi anthu ochepa opeza bwino, zambiri n'zoti zidagwira kale ntchito kwa eni ake ena. Ndi zatsopano kwa ife okha, monga momwe malaya apakaunjika amakhalira atsopano kwa wowagula.

Ndipotu china chomwe anthu a ku Japan amagulitsira galimoto zawo n'chakuti kuyezetsa kumawadyera ndalama zambiri, makamaka galimoto ikamakalamba. Choncho galimoto yomwe mwini wake waitaya pothawa kuiyezetsa, ife tikufuna tiilandire ndi manja awiri n'kuikhululukira kuyezedwa komweko. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Taganizani za ulendo womwe galimotoyi imayenda isanafike pakhomo panu. Imakhala nthawi pabwalo la malonda, kenaka masabata angapo panyanja. Ikatsika padoko la Dar es Salaam, imayendetsedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500, kudutsa pachipata cha Songwe, kukwera phiri la Chiweta, mpaka kufika mu Lilongwe. Kawirikawiri woiyendetsa ndi waganyu wofulumira kuti abwerere akatenge ina. Mwini wake saona maenje omwe yagweramo m'njira.

Palinso nkhani ya matayala. Galimoto zina zimabwera ndi matayala opangidwira nyengo ya chisanu choundana cha ku Japan. Mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la mwezi wa Okutobala amatha msanga komanso sagwira bwino pomanga mabuleki. Ena amaoneka ngati sadathe chonsecho ndi akalekale. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe lidapangidwa. Mukaona 2314, ndiye kuti tayalalo n'la sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Ndi angati mwa ife amayang'ana zimenezi tisanakweze ana kupita nawo kumudzi? Mafuta amabuleki nawo amayamwa chinyontho akakhalitsa, ndipo amatha kukukhumudwitsa pamtsetse. Ngakhale makilomita olembedwa kutsogolo kwa dalaivala si owakhulupirira kwenikweni poti akathyali ena amawabweza m'mbuyo.

Tsono kumbukirani kuti Sienta ya mnansi wangayi sidzayenda m'misewu yosalala ya ku Nagoya. Idzayenda m'misewu yafumbi ya m'makwalalamu, m'matope a dzinja, itanyamula anthu ndi matumba a makala. Galimoto yotere imakalamba msanga. Ichi n'chifukwa chake n'zomveka kuti galimoto ya munthu wamba imayezedwa chaka chilichonse pomwe zonyamula anthu, monga minibasi, zimayezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Komabe tisamunyoze mnansi wangayu, pakuti dandaulo lake lili ndi pogwira. Munthu akalipira msonkho ku MRA, kulembetsa galimoto, kugula inshulansi, m'thumba mumakhala mutauma. Kenaka aone galimoto ina yopanda nyali, yofuka utsi ngati ng'anjo ya njerwa, ikudutsa pamaso pa apolisi apamsewu ili ndi chiphaso chatsopano pagalasi. Iye angaganize chiyani? Nkhani ya madobadoba, anyamata olonjeza kukupezera mapepala galimoto ili pakhomo, si yachilendo m'dziko muno. Anthu akayamba kuona COF ngati pepala longogula kuti apolisi asakuvutitse, sitingadabwe akamati kuyezetsa n'kutaya ndalama.

Apa ndiye pali ntchito ya nthambi yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 lilipo, makina a kompyuta a MalTIS alipo, ndipo makampani ena adaloledwa kuyeza galimoto kuti mizere ichepe. Chofunika n'chakuti chiphaso chisatuluke galimoto isanaoneke ndi maso, isanayesedwe mabuleki, chiwongolero, nyali ndi matayala. Malo oyezera omwe apezeka akugulitsa ziphaso alandidwe chilolezo, ndipo anthu auzidwe poyera. Mwini galimoto apatsidwenso pepala lofotokoza zomwe zapezeka, kuti aone phindu la ndalama yake.

Ngati pali galimoto yoyenera kupumulako pa kuyezedwa, ikhale yokhayo yotuluka m'fakitale, yomwe sidalembetsedwepo m'dziko lina lililonse. Imeneyo tingakambirane. Koma yobwera itagwira kale ntchito iyezedwe isanayambe kuyenda m'misewu yathu, ndipo yonyamula anthu isakhululukidwe ngakhale tsiku limodzi, kaya ndi yonyezimira motani.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati m'lipoti lake la 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo Africa ndiyo ili patsogolo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, chonsecho galimoto kuno n'zochepa. Si ngozi zonse zomwe zimadza kaamba ka galimoto yowonongeka. Liwiro ndi mowa zilinso pomwepo. Koma mabuleki akakana, wovulala kawirikawiri si mwini galimoto yekha. Amavulala ndi mwana wopita kusukulu, wakabaza ndi mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, omwe sadafunsidwe maganizo pomwe galimotoyo inkagulidwa.

Mnansi wanga uja adapita nayo kwa makaniko asanakaiyezetse. Adapeza kuti matayala awiri akutsogolo adali ong'aluka m'mbali ndipo mabuleki akumbuyo adali atatha. Adadandaula ndi ndalama zomwe adalipira, koma pano akunyamula anthu pakati pa Kaliyeka ndi m'tauni, ndipo ana anga ndimawalola kukwera.