Alemekezedwe Amene Anatsegula Khomo la USB pa iPod

Munthu amene anagula iPod m'zaka za m'ma 2000 n'kuilumikiza ku kompyuta kuti aone nyimbo zake ankangoti kukamwa yasa. Nyimbozo zinalimo ndithu, koma zobisika m'foda yotchedwa iPod_Control, zitamwazikana m'timafoda F00, F01, F02 mpaka kutsogoloko, iliyonse itafufutidwa dzina lake n'kupatsidwa lina la zilembo zinayi zosamveka mutu wake. Akakoperamo nyimbo mwachindunji ngati mmene amachitira pa fulashi, iPod inkakhala ngati sinaione. Njira yovomerezeka inali imodzi basi, kudzera pa iTunes, pulogalamu ya kampani ya Apple. Ndalama anatulutsa ndi wogula, koma wolamula zolowa ndi zotuluka anali wogulitsa.

Gulu la Rockbox ndi limodzi mwa magulu amene anakana zimenezi. Linayamba kumapeto kwa chaka cha 2001 ku Sweden, pamene Björn Stenberg, Linus Nielsen Feltzing ndi Daniel Stenberg anatopa ndi pulogalamu yaulesi komanso yodzala ndi zolakwika ya m'kachipangizo koimbira nyimbo ka Archos Jukebox. Daniel ndi yemwe uja anapanganso curl, pulogalamu imene lero ikugwira ntchito mwakachetechete m'mafoni, m'magalimoto ndi m'mawailesi a kanema padziko lonse. Atatuwa anaganiza zolemba firmware yawoyawo, kutanthauza pulogalamu ya m'kati imene imadzutsa chipangizo, kuwerenga mabatani, kuyatsa sikirini ndi kuimba nyimbo. Anaitulutsa pansi pa laisensi ya GPL kuti aliyense aiwerenge, aikonze, aigawire anzake. Mu 2004 ntchito inafika pa iriver H100, kumapeto kwa 2005 pa iPod, kenako pa Sansa ya kampani ya SanDisk.

Anthu akamatama Rockbox amakonda kutchula zoonetsera: masewera a Doom pa kasikirini ka iPod, masewera a Game Boy, makanema, maonekedwe osinthasintha. N'zosangalatsa, palibe angatsutse. Koma ntchito imene iyenera kuwomberedwa m'manja kwambiri ndi ina imene palibe amaijambula n'kuonetsa anzake: kuphunzitsa chipangizo kulankhula ndi kompyuta kudzera pa chingwe cha USB.

Pa Archos ndi pa iriver zoyambazo vutoli kunalibe. M'kati mwake munali chip yapadera yolumikiza USB ndi disiki, ndiye munthu akalowetsa chingwe, Rockbox inkangopatuka n'kusiyira chip ija ntchito yonse. Pa iPod ndi pa Sansa e200 zinali zina. Zipangizozi zinkayendera ma chip a kampani ya PortalPlayer, ndipo pamenepo kukambirana konse ndi kompyuta kunkayenera kuchitidwa ndi firmware yeniyeniyo. PortalPlayer, imene kenako inagulidwa ndi Nvidia, sinkatulutsa poyera mabuku ofotokoza mmene ma chip ake amagwirira ntchito. Choncho kwa zaka zingapo munthu wa Rockbox akalowetsa chingwe, chipangizo chinkazima n'kudzukanso m'pulogalamu ya fakitale, iye n'kukopera nyimbo zake, kenako n'kuchizimitsanso kuti abwerere ku Rockbox. Nyumba unamanga wekha, koma kiyi wa pageti ali ndi mwini malo wakale.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa ntchitoyi ayenera kuona zimene zimachitika m'masekondi oyamba chingwe chikangolowa. Kompyuta imafunsa: ndiwe yani, anakupanga ndani, ukufuna magetsi ochuluka bwanji? Chipangizo chikayankha kuti ndine chosungiramo mafayilo, mafunso amasintha. Disiki yako ndi yaikulu bwanji? Ndipatse chigawo chakutichakuti. Lemba izi pa chigawo chakuti. Malamulowa ndi a ndondomeko yotchedwa SCSI, ndipo amabwera motsatizana pa liwiro lofika mamegabiti 480 pa sekondi pa USB 2.0. Nthawi yonseyo Rockbox iyenera kuchotsa dzanja lake pa disiki, chifukwa awiri akamalemba malo amodzi nthawi imodzi mafayilo amaonongeka. Batani likakana kugwira ntchito, munthu amangonyinyirika. Koma USB ikalakwitsa pang'ono pokha, nyimbo zimene munthu wasonkhanitsa zaka khumi zimasanduka zinyalala, ndipo nthawi zina amadzazindikira patapita miyezi.

Mu 2007 ntchitoyi inali imodzi mwa zimene Rockbox inatenga pa Google Summer of Code, ndondomeko ya Google yothandiza ophunzira kulemba mapulogalamu, ndipo amene anaigwira ndi Christian Gmeiner. Chimene chinathandiza kwambiri ndi pamene zinadziwika kuti mbali yoyendetsa USB m'ma chip a PortalPlayer ikufanana ndi ya m'chip ina, i.MX31 ya kampani ya Freescale, imene buku lake linali poyera. Buku la kampani ina ndi limene linamasula chinsinsi cha kampani inzake. Björn Stenberg analembanso gawo lalikulu la pulogalamuyo kumapeto kwa chaka chomwecho, Frank Gevaerts n'kupitiriza kusakasaka zolakwika, ndipo ndi mu 2009 pamene USB ya Rockbox inaloledwa kulowa m'pulogalamu yoperekedwa kwa anthu onse a iPod ndi Sansa zimenezi. Zaka ziwiri, anthu akugwira madzulo ataweruka kuntchito kwawo, pa chinthu chimene wogwiritsa ntchito amangoona ngati chizindikiro chimodzi pa sikirini.

Kuchedwa kumeneku kunali koyenera. Rockbox 3.0 inatuluka mu September 2008 anthu a iPod akudalirabe pulogalamu ya fakitale pokopera nyimbo, ndipo odandaula analipo. Gululi linasankha kunyozedwa chifukwa chochedwa kusiyana ndi kuononga mafayilo a anthu. Makampani ambiri a masiku ano, amene amathamangira kugulitsa chinthu chosapsa n'kumati adzakonza pambuyo, akanatengerapo phunziro.

Khomo litatseguka, zina zinabwera mosavuta. Chaka chomwecho cha 2009 Tomer Shalev anawonjezera zoti chipangizo chizitha kudzionetsa kwa kompyuta ngati kiyibodi kapena mausi. Sansa ya m'thumba inasanduka rimoti yokwezera mawu pa kompyuta, yodumphira nyimbo, ngakhale yosinthira masamba pamene munthu akufotokoza nkhani pa msonkhano. 

Zowonjezera zina n'zimene zimasonyeza bwino kusiyana kwa maganizo a wogulitsa ndi a wogwiritsa ntchito. Sansa e200 yoyamba inkalandira memori khadi yosapitirira 2GB, koma Rockbox inaiphunzitsa kuwerenga makhadi akuluakulu a SDHC popanda kusintha ngakhale kawaya kamodzi. Zikutanthauza kuti chipangizocho chinali ndi mphamvu imeneyo kuyambira kale, chinkangosowa woilemba. Apple sinkalola nyimbo za mtundu wa FLAC kapena Ogg Vorbis pa iPod. Rockbox imaziimba, pamodzi ndi Opus, WavPack ndi mitundu ina yambiri. Imalumikiza nyimbo popanda kampata pakati, chinthu chofunika kwa okonda nyimbo zojambulidwa pa konsati. Imakumbukira pamene munthu analekezera ulaliki kapena buku lomvetsera. Imafananitsa kukwera kwa mawu kuti nyimbo ina isakugonthetse m'khutu itangotha ina yapansipansi.

Koposa zonsezi, Rockbox imalankhula. Imatchula mokweza zimene zili pa sikirini, mayina a mafoda ndi a mafayilo, kotero munthu wosaona amatha kuyenda m'chipangizo chonse ndi makutu okha. Izi zinayamba kalekale pa Archos, zaka zingapo Apple isanaike mawu otere pa iPod, ndipo n'chifukwa chake anthu osaona akhala m'gulu la okhulupirika kwambiri ku Rockbox. Kwa iwo nkhani ya USB ndi yaikulu kuposa kwa wina aliyense. Kuzima n'kudzukira m'pulogalamu ya fakitale kunali kulowa pamalo pamene chipangizo chasiya kukuuza chimene chikuchitika.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zoona. Zosankha za Rockbox n'zochuluka moti munthu wamba amasochera. Maonekedwe ake oyamba ndi ouma poyerekeza ndi a Apple. M'masiku oyambirira batire ya iPod inkatha msanga pa Rockbox kusiyana ndi pa pulogalamu ya fakitale, pa chifukwa chomwe chija: popanda mabuku, njira zosungira magetsi zinkapezeka mwapang'onopang'ono. Nyimbo zotsekedwa zimene zinkagulidwa pa iTunes kale siziimbika. Ndipo wina angafunse kuti, foni ili m'thumba la aliyense, kuvutikira kachipangizo ka 2006 n'kwa chiyani?

Yankho likupezeka pa zimene zinachitika makampani atachoka. Apple inasiya kupanga iPod Classic mu 2014, ndipo mu 2022 inatseka mtundu wonse wa iPod. Koma anthu akugulabe zakalezo, kuchotsa disiki yotopa n'kuikamo memori khadi, kusintha batire, kuikamo Rockbox. Chipangizo chimene chikanakhala kudzala chikuimbabe. Kuno kwathu, kumene zipangizo zambiri zimafika zitagwirapo kale ntchito kwina, ndipo nyimbo zimayenda pa fulashi ndi memori khadi kuchokera kwa anyamata okopera nyimbo pamsika, kufunika kwake sikusowa womasulira. Chipangizo chimene chimadzionetsa ngati fulashi wamba chimagwira pa kompyuta iliyonse, popanda akaunti, popanda bandulo ya intaneti.

Apa m'pamene mlandu wa makampani ukuonekera poyera. Amene anathandiza analipo: SanDisk inatumizira gululi zipangizo, ndipo kampani ya austriamicrosystems inapereka buku la chip yake ya mawu, zimene zinachititsa kuti Sansa e200 iyambe kuimba pa Rockbox mu 2007. Apple inalowera kwina. Kuyambira pa iPod nano yachiwiri ya 2006 ndi iPod Classic ya 2007 inayamba kutseka firmware ndi chinsinsi cha masamu, ndipo zinatengera anthu odzipereka zaka kuti apeze polowera. Kubisa koteroko mwina kumamveka pamene chinthu chili pa msika ndipo opikisana nawo akusuzumira. Chikachoka pa msika, palibenso chimene kampani ikuteteza kupatula mwayi wogulitsa chatsopano.

European Union inalamula kuti kuyambira pa 28 December 2024 mafoni ndi zipangizo zina zing'onozing'ono zizikhala ndi polowetsera USB-C. Ndi lamulo labwino, koma likukhudza kabowo kokha. Opanga malamulo apitirire n'kunena kuti kampani ikasiya kusamalira chipangizo, itulutse mabuku a ma chip ake ndipo ilole mwini wake kuikamo pulogalamu ina. Rockbox ikupitirirabe: inasiya Archos zakale zija itatulutsa 3.15 mu 2019, n'kulandira zatsopano monga FiiO M3K ndi Shanling Q1, ndipo mu 2025 inatulutsa 4.0. Ziwiri zatsopanozi zimayendera chip ya Ingenic X1000, imene buku lake limapezeka kwa wofuna kuliwerenga, choncho amene anazigwirira ntchito anayamba ndi kuwerenga m'malo moyamba ndi kulosera.