Dzina la webusayiti ndi la lendi, tisalisiyire anthu a njuga

Magulu ambiri a Amalawi kuno ku London ali ndi webusayiti yomwe inapangidwa zaka zapitazo: mpingo, gulu la maliro, bungwe lotolera ndalama za sukulu ya kumudzi. Kawirikawiri amene anaipanga ndi mmodzi wa ife ana obadwira kuno, poti makolo amati ndife odziwa kompyuta. Ife tikuti ntchitoyo sinathere pamenepo. Dzina la webusayiti, lomwe amalitcha domain, munthu sagula kuti likhale lake mpaka kalekale. Ndi la lendi, ndipo lendi ikapanda kulipidwa m'nyumbamo mumalowa wina.

Mayina othera ndi .uk amasungidwa ndi bungwe la Nominet la ku Oxford. Nthawi ya dzina ikatha, pakapita masiku 30 amaliyimitsa, ndipo webusayiti ndi imelo zimasiya kugwira ntchito. Pakakwana masiku pafupifupi 90 mwini wake osalipira, amalichotsa m'kaundula, kenako aliyense akhoza kulitenga. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kudikirira mphindi imeneyo.

Amalifuniranji dzina la gulu laling'ono la ku Ilford? Chifukwa dzina lakale lili ndi mbiri. Linasindikizidwa pa mapepala a zilengezo, lili pa Facebook, ndipo ngati gululo ndi lolembetsa, lili m'kaundula wa Charity Commission. Anthu amapitabe komweko. Wogulayo amatenga alendo onsewo n'kuwasonyeza njuga, mankhwala achinyengo kapena ngongole za katapira. Mchitidwewu unakula mpaka mu Marichi 2024 Google inauika pamndandanda wa zinthu zoletsedwa pa makina ake ofufuzira.

Kuiwala kulipira si vuto la osadziwa okha. Mu Disembala 1999 Microsoft sinalipire dzina la passport.com, ndipo anthu ankalephera kulowa mu Hotmail mpaka Michael Chaney, yemwe sanali wantchito wa kampaniyo, analipira $35 ya m'thumba mwake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa ife ngozi yake ndi yaikulu kuposa manyazi. Amene watenga dzina angathenso kulandira maimelo onse otumizidwa ku dzinalo, ndipo ndi imelo imeneyo akhoza kusintha mapasiwedi a maakaunti ena a gulu. Tsamba lakale angalikopere ku Wayback Machine, n'kungosintha nambala ya akaunti ya banki. Tikudziwa momwe zimakhalira maliro akagwa: uthenga umayenda pa WhatsApp usiku womwewo, azakhali ndi amalume amasonkha msanga kuti thupi lipite ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo palibe amafunsa kawiri. Wakuba safunika nzeru zambiri pamenepo. Dzina lomwe makolo athu amalikhulupirira lamukwanira.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe ikutikhudza ife eni. Ambiri a ife tili ndi timabizinesi: kuluka tsitsi, kuphika makeke, kujambula paukwati, kutumiza katundu kumudzi. Otsatsa malonda pa intaneti amatiuza kuti tigule dzina lakale lokhala ndi mbiri, kapena tilipire mapaundi ochepa kuti alendo zikwizikwi abwere pa webusayiti yathu. Wina anganene kuti mpikisano ndi waukulu, lendi ya shopu pa High Road kapena Ilford Lane siyamasewera, ndiye njira yachidule yalakwa chiyani? Zoonadi, kugula dzina lomwe latha nthawi si mlandu, ndipo kulipira Google kapena Instagram kuti akutsatsireni malonda ndi bizinesi yabwinobwino. Koma alendo otchipawo ambiri ndi maloboti. Loboti silukitsa tsitsi, siliyitanitsa keke. Google AdSense imatseka maakaunti ikapeza alendo abodza, ndipo kuyambira mu Epulo 2025 lamulo la Digital Markets, Competition and Consumers Act likuletsa kugula ndemanga zabodza zoyamikira malonda. Komanso dzina lakale lomwe tingagule linali la winawake, mwina mpingo wa anansi athu omwe anaiwala kulipira. Zomwe sitifuna kuti atichitire, nafenso tisawachitire.

Ndiye tichite chiyani? Sabata ino tifunse akuluakulu a mpingo kapena a gulu kuti dzina la webusayiti linalembetsedwa ndi ndani. Tsiku lothera nthawi limaoneka mwaulere pa tsamba la Nominet kapena la ICANN. Dzinalo likhale la gulu, osati la munthu mmodzi yemwe anasamukira ku Manchester ndipo imelo yake yakale satsegulanso. Anthu awiri akhale ndi njira yolowera. Tiike kuti lizilipidwa lokha chaka ndi chaka, kapena tilipiriretu zaka 10, pakuti mtengo wake pachaka nthawi zambiri sufika £20. Gulu likatha, dzina tilisungebe kwa zaka zingapo mpaka anthu atazolowera.

Makolo athu anamanga magulu amenewa ndi ndalama za mashifiti ausiku. Iwo sangadziwe tsiku lomwe dzina litha nthawi, koma ife tingalipeze pa foni m'mphindi zisanu. Tiyeni tikaone lero.