Chisanu nacho chili ndi malire

Mwezi wa June ukangofika, aliyense kuno ku Mecanhelas amasanduka katswiri wa zanyengo. Pamsika wa ku Insaca mayi ena ogulitsa matemba anandiuza kuti chisanu cha chaka chino chilibe malire. Ndinawavomera mwaulemu, koma mawuwo akhala akundivuta, chifukwa malirewo alipo ndithu. Ali pa madigiri 273.15 pansi pa ziro, ndipo kuseri kwake kulibenso kuzizira kwina.

Mu 1995, chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa asodzi athu n'kusowa pogwira, Eric Cornell ndi Carl Wieman ku Boulder, m'dziko la America, anaziziritsa mpweya wa maatomu a rubidium mpaka kutsala kachigawo kosakwana gawo limodzi mwa miliyoni la digiri kuti afike pamalirepo. Maatomuwo analeka kuyenda iliyonse payokha, nayamba kuchita zinthu pamodzi ngati atomu imodzi yaikulu.

Chondikoka ine n'chimene chinatsatira. Madzi amauma n'kukhala ayisi kutentha kukachepa. Koma kumunsi kumeneko kutentha kwatsala pang'ono kutheratu, komabe mpweya uja umatha kusintha khalidwe ukangousinthira mphamvu ya maginito. Mu 2006, gulu la Dan Stamper-Kurn ku Berkeley linatsitsa mphamvuyo mwadzidzidzi. Atomu iliyonse ili ndi kamaginito kake, ndipo timaginito tonseto tinayenera kuloza mbali imodzi. Nanga tikanapangana bwanji, uthenga ukuyenda pang'onopang'ono? Dera lino linasankha kwake, dera linalo kwake, pakati n'kutsala mizere yosagwirizana. Amene anayendapo pamatope a Chilwa atauma, ong'ambikang'ambika m'zigawozigawo, chithunzicho ali nacho kale m'mutu.

Tom Kibble anaziganizira zimenezi mu 1976 pofotokoza mmene chilengedwe chinazizirira pachiyambi, Wojciech Zurek n'kuwonjezera mu 1985 kuti ukasintha zinthu mothamanga, zigawozo zimachepa msinkhu, ming'alu n'kuchuluka. Akuluakulu sananame kuti kuthamanga sikufika.

Apa ndiye pamabwera dandaulo langa lakale, ndipo mukudziwa kale kuti ndikunena zoona. Ana athu timawaloweza pamtima kuti zinthu zilipo zolimba, zamadzimadzi ndi za mpweya, basi, bukhu n'kutseka. Mwana akafunsa kuti kuzizira kumathera pati, timamuuza kuti zimenezo n'za azungu. Za azungu ziti? Maganizo a maatomu ochita zinthu pamodzi aja anayamba ndi Satyendra Nath Bose, mphunzitsi wa ku Dhaka, yemwe mu 1924 anatumiza zolemba zake kwa Albert Einstein papositi. Analibe makina oziziritsira maatomu. Anali ndi masamu ndi pepala, ndipo Einstein anazimasulira yekha m'Chijeremani kuti zisindikizidwe.