Pimitsani Musanawiritse Chidede

Amayi anzanga, dzuwa la Okutobala likafika m'chigwa chathu cha Phalombe, ambiri a ife timalawirira kumunda kukasosa tisanalawe kanthu. Pofika 10 koloko munthu aweramuka, m'maso muda bii, makutu alira, miyendo ilefuka, mwina mpaka kugwa pamzere. Anansi akathamangirapo, mawu awo ndi amodzi: "Magazi achepa, muwiritsireni chidede." Sabata ino ndifuna tisinkhesinkhe mawu amenewa, pakuti angathe kutisokeretsa.

Kuchepa kwa magazi ndi kutsika kwa BP ndi zinthu ziwiri zosiyana. BP ndi mphamvu imene magazi amayendera m'mitsempha pamene mtima ukuwapopa. Kwa munthu wamkulu wathanzi imakhala cha pa 120/80. Ikatsika kupitirira 90/60, magazi amavutika kufika kumutu, ndipo mpamene chizungulire chimayamba. Tsono madokotala anapeza kuti chidede chimatsitsako BP. Kumwetsa mayi wotere chidede chambiri kungangomuwonjezera vuto.

Nanga chimaitsitsa nchiyani? Kawirikawiri ndi kuchepa kwa madzi m'thupi chifukwa cha thukuta, kusanza kapena kutsegula m'mimba, monga tinaonera pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Kwina ndi malungo, kutaya magazi ambiri pochira kapena pa nthawi ya kumwezi, ndi kumwa mankhwala a BP ogawiridwa ndi mnzako. Mayi woyembekezera nayenso BP yake imatsikako m'miyezi yoyamba ndi yapakati.

Mnzanu akagwa, mugonekeni pamthunzi, mukweze miyendo yake pa dengu kapena pa mpando, ndipo mumumasule mpango ndi chitenje ngati chathina. Woyembekezera agonere kumanzere. Musamwetse kanthu munthu wokomoka, angatsamwe. Akatsitsimuka mupatseni madzi aukhondo pang'onopang'ono. Ngati akutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa.

Inuyo mukamamva chizungulire, musadzuke pamphasa mwadzidzidzi. Yambani mwakhala tsonga kanthawi, kenaka muimirire. Musapite kumunda ndi njala. Kaphala, mbatata kapena mkute zimathandiza, ndipo chigubu cha madzi kapena thobwa chisatsale pakhomo. Pa mzere wa kuchigayo kapena kumjigo musaime malo amodzi nthawi yaitali padzuwa. Yendaniyendani kapena khalani pansi.

Ena amati mankhwala ake nkuchulutsa mchere m'ndiwo. Apa mpofunika kusamala. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Mphika ndi umodzi pa banja lonse. Mchere umene mwathirira inu udyedwanso ndi bambo ndi apongozi, amene mwina yawo njokwera kale. Dikirani dokotala akuuzeni.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche: thukuta lozizira, mtima kugunda mofulumira, kupuma mobanika, kulankhula zosokonekera, ndi magazi osaleka mayi atachira. Mukaona zimenezi pezani njinga kapena galimoto msanga, mumutengere ku chipatala cha boma ku Migowi, ku Holy Family, kapena ku chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kupima BP sikupweteka ndipo sikutenga nthawi. Mukapita ku sikelo ndi mwana, pemphani anamwino akupimeni inunso, ayezenso magazi, kuti mudziwe chimene chikukuvutani. Lembetsani manambalawo m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mudzabwererenso. Mayi akagona, moto suyaka pakhomo. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata ya mawa.