Mutchule dzina mdala amene anakuphunzitsa

Chaka chilichonse ana ophunzira uinjiniya amatsika basi pa Lumumba Road n'kulowa wapansi mu Mungwi Road kapena Buyantanshi Road, kukayamba atachimenti ku Heavy Industrial Area. Akafika m'mawekishopu, amene amawaphunzitsa nchito ndi mdala wa ovolosi yakuda, amene amadzuka kukali mdima ku George kapena ku Matero. Mdalayo amangomvetsera kulira kwa pampu n'kukuuza kuti bearing yatha.

Manje werengani malipoti amene anawo amapereka kusukulu. Kumapeto kuli mndandanda wautali wa mabuku a ku London ndi New York, ena sanawatsegule n'komwe. Mdala uja mulibe. Ine ndikuti uku ndi kuba, ndiponso ndi bodza: wabera mdala nzeru zake, ndipo wanamizira mwini buku mawu amene sanakambe.

Mlandu suli pa ana okha. Aphunzitsi ena amadula mamakisi chifukwa cha koma yosowa, kapena dzina la buku losapendamitsa, koma safunsa ngati bukulo linawerengedwa. Mwana amaphunzira msanga kuti chofunika ndi maonekedwe.

Njira zotchulira magwero n'zosiyanadi. Ya IEEE, imene mainjiniya a magetsi amakonda, imaika nambala m'chiganizo monga [1], ndipo mndandanda umatsata mmene nambalazo zabwerera. Ya Harvard imaika dzina la wolemba ndi chaka. Ya Vancouver, imene akonzi a magazini a zachipatala anayamba atakumana mu 1978, nayo ndi ya manambala. Koma zonse zimayankha funso limodzi chabe: zimene walembazi wazichotsa kuti, kuti nane ndikaone ndekha?

Wina akamba kuti, "Mdala sanalembe buku, ndimutchula bwanji?" Malo ake alipo kale. IEEE imalola kulemba dzina la munthu, mawu akuti "private communication", mwezi ndi chaka. APA imalola kumutchula mkati mwa chiganizo ndi tsiku limene munakambirana, ngakhale salowa mumndandanda wa kumapeto. Chotsala n'kumupempha ngati alola kuti dzina lake lilembedwe.

Wina akambanso kuti, "Nanga ngati mdala analakwitsa?" Ndiye chifukwa chake uyenera kumutchula. Ukalemba kuti kalimbidwe ka bawuti wakamva kwa fita wa wekishopu imodzi, wowerenga adziwa kuti ayenera kukafananiza ndi buku la makinawo kapena muyezo wa ZABS. Koma ukapachika nambala yomweyo pa buku lotchuka, aikhulupirira osafunsa. Mawa amanga nayo chonyamulira zitsulo, ndipo pansi pake paima mwana wa munthu wa ku Kanyama. Koma yosowa sinaphepo munthu, koma nambala yobisa kwawo ingaphe.

Masiku ano bodzali lapeza mnzake. ChatGPT imatha kupeka dzina la buku, wolemba ndi chaka, zonse zokonzedwa bwino mu IEEE, bukulo kulibe. Mu 2023 khoti la ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 chifukwa chopereka milandu yopeka imene anaitenga kumeneko. Ngati maloya anagwidwa, iwe ndiwe ndani?

Kwa aphunzitsi pempho langa ndi ili: sankhani njira imodzi, muilembe poyera, makoma muwasiyire Zotero, pulogalamu yaulere imene imawakonza yokha. Nthawi imene yatsala muitane mwana, muloze chala pa [7], mumufunse kuti, "Ili unaliwerenga? Patsamba liti?"

Kwa iwe uli pa atachimenti: chimene sunawerenge, usachilembe. Mawa pa nthawi ya nsima, khala pafupi ndi mdala uja, umufunse dzina lake lonse ndi kalembedwe kake. Wakhala ukumuitana "ba mdala" miyezi yonseyi, ndipo mwina sulidziwa.